Chingerezi cha m'nthano ndi cha m'kalata: njira yozisiyanitsira

Aliyense amene anadutsa m'manja mwa mphunzitsi wa Chingerezi wosaseka ndi munthu amakumbukira malamulo atatu: chiganizo chizikhala ndi mneni, mwininkhani azitsogola, mneni azibwera pambuyo, ndipo osayerekeza kuyamba chiganizo ndi "And" kapena "But". Kenako wophunzira yemweyo amapatsidwa buku la nthano kapena ndakatulo zoti akalembere mayeso, n'kupeza kuti mlembi wotchuka waswa malamulo onse atatu pa tsamba limodzi, ndipo palibe amene wamudula malikisi. Apa ena amangoti bukulo ndi lovuta n'kuthawira ku manotsi. Ena amatengeka nako kukomako, mpaka kalata yofunsira ntchito amailemba ngati ndakatulo.

Galamala ya Chingerezi ndi imodzi. Chimene chimasiyana n'chakuti wolemba nthano amaloledwa kusuntha mawu, kuchotsa ena ndi kubwereza ena mwadala, pomwe wolemba kalata, lipoti kapena maminitsi a msonkhano amayenera kusiya chilichonse pamalo pake kuti wowerenga asataye nthawi. Choncho chiganizo chikakuzunguzani mutu, chiwongoleni, onani chimene chinasunthidwa, n'kudzifunsa kuti mlembi wapindulanji posunthapo. Tiyenda ndi kandime aka, komwe ndapeka dala kuti kakhale ndi zambiri mwa zimene zimasokoneza anthu:

"Down the road from the market came the old woman, a basket on her head, her feet white with dust. Never had the rains been so late. And now this. She would sell the goat tomorrow. What else was there to sell?"

Ziganizo zilipo zisanu. Mukaziika mu lipoti la ku ofesi, abwana azibweza pafupifupi zonse. M'nthano palibe cholakwika ngakhale chimodzi.

1. Dziwani kaye mtundu wa zolemba zimene mwagwira

Musanaweruze chiganizo, funsani kuti chili m'chiyani. Mu 1999 Douglas Biber ndi anzake anatulutsa buku lalikulu la galamala lotchedwa Longman Grammar of Spoken and Written English atasanthula mawu pafupifupi 40 miliyoni. Anayerekeza makamaka magulu anayi: macheza a pakamwa, nthano zopeka, nyuzipepala ndi zolemba za maphunziro apamwamba. Anapeza kuti gulu lililonse lili ndi zokonda zake. Mneni wokhala ndi "had", wonena zimene zinachitika zina zisanachitike, amapezeka kwambiri m'nthano. Ziganizo zobisa wochita, za mtundu wa "The samples were tested", zimachuluka m'zolemba za maphunziro.

Zolemba za tsiku ndi tsiku zakhala zikukankhidwira ku kuphweka. Ku Britain, Chrissie Maher anayambitsa Plain English Campaign mu 1979 polimbana ndi mafomu ndi makalata a boma osamveka, ndipo ku America lamulo la Plain Writing Act la 2010 limauza nthambi za boma kuti zizilembera anthu momveka. Wowerenga kalata amafuna adziwe kuti ndani wachita chiyani, liti. Wowerenga nthano wabwera ndi nthawi yake, ndipo mlembi amaigwiritsa ntchito nthawiyo.

2. Pezani mneni, kenako mwininkhani

Ili ndiye khasu lanu pa ntchito yonseyi. Tengani pensulo, dulani mzere kunsi kwa mneni wamkulu, kenako funsani kuti ndani kapena n'chiyani chikuchita zimenezo. M'chiganizo choyamba mneni ndi "came". Wabwera ndani? "The old woman". Mwininkhaniyo ali pambuyo pa mneni, ndiye mwadziwa kuti chiganizocho ndi chotembenuzidwa.

Chifukwa chake kutembenuza kumamveka kwambiri m'Chingerezi n'chakuti chiyankhulochi chimadalira malo a mawu. Kale, m'Chingerezi cha zaka chikwi zapitazo, mayina ankasintha kumapeto posonyeza wochita ndi wochitiridwa, koma mathero amenewo anakokoloka. Lero chatsala ndi dongosolo basi: mwininkhani, mneni, pamtherankhani. "The goats ate the maize" mukasinthanitsa mayinawo, chimanga ndicho chadya mbuzi. Ife tilibe vuto limenelo. Tikhoza kunena kuti "Mbuzi zinachidya chimanga", "Chimanga zinachidya mbuzi", ngakhale "Zinachidya mbuzi chimanga", ndipo aliyense akudziwa chimene chadyedwa, chifukwa "zi" ndi "chi" a m'kati mwa mneni akutilozera. Mngerezi alibe zolozera zoterozo, choncho akasuntha liwu amakhala akudziwa kuti wowerenga aima pang'ono. Kuimako ndiko mlembi akukufuna.

3. Wongolani chotembenuzidwa, ndipo dziwani kuti ndi cha mtundu wanji

Apa ndi pamene pali nyama yambiri, ndiye tichedwapo.

Kutembenuza koyamba ndi kwa malo. Chiganizo chathu chikawongoka chikhala "The old woman came down the road from the market." Tanthauzo ndi lomwelo, koma chimene diso layamba kuona chasintha. M'chowongokacho mwauzidwa za gogoyo nthawi yomweyo. M'chotembenuzidwa mukuona msewu kaye, msika kumbuyo kwake, ndipo munthu akutulukira kumapeto, monga mmene zikanakhalira mutakhala pakhonde mukuyang'ana kunjira. Chingerezi chimakonda kuika chinthu chatsopano kumapeto kwa chiganizo, ndipo kutembenuza kwa malo ndi njira yobweretsera mpangankhani watsopano.

Olankhula Chichewa tili ndi mwayi pamenepa, chifukwa kwa ife kayankhulidwe aka ndi ka tsiku lililonse. "M'nyumba munalowa njoka." "Kumudzi kwabwera alendo." "Pakhomo paima galimoto." Palibe amene amamva ngati tikulakatula. Akatswiri a ziyankhulo Joan Bresnan ndi Jonni Kanerva analemba kafukufuku wodziwika bwino pa nkhani imeneyi m'Chichewa mu 1989, ndipo mu 1994 Bresnan anayerekeza Chichewa ndi Chingerezi pa mfundo yomweyi. Khutu lanu likudziwa kale ntchito ya chiganizo chotere. Chimene muyenera kusamala ndi zinthu zitatu.

Choyamba, m'Chichewa mneni amagwirizana ndi malo: mu, ku, pa. M'Chingerezi amagwirizana ndi dzina lomwe lili pambuyo pake. Timalemba "On the wall hang two pictures", osati "hangs", chifukwa zithunzi ndi ziwiri ngakhale khoma ndi limodzi. Chachiwiri, aneni amene amalola zimenezi ndi a kukhala, kuima ndi kuyenda, monga "come", "stand", "sit", "lie", "hang". Mneni wokhala ndi pamtherankhani amakana: "In the kitchen cooked the woman beans" si Chingerezi cha m'buku, ndi Chingerezi chothyoka. Chachitatu, mwininkhani akakhala mlowam'malo sapita kumbuyo. Ndi "Down the road she came", osati "came she". Ndipo kumbukirani kuti chimene kwa ife ndi chamasiku onse, kwa Mngerezi chimanunkhira buku. Kupatula timawu tochepa ta pakamwa monga "Here comes the bus", simuchipeza kawirikawiri m'kalata.

Kutembenuza kwachiwiri ndi kwa mawu okana. "Never had the rains been so late" chikawongoka ndi "The rains had never been so late." Kusiyana kwake ndi koyamba kuja n'kwakuti apa amene walumpha mwininkhani ndi mneni wothandizira yekha, "had", pomwe "been" watsala pamalo pake. Ngati m'chiganizo mulibe wothandizira, mumabwereka "do": "He never returned" chimasanduka "Never did he return." Kutsogoza liwu lokana ndi kufuna kwa mlembi, koma akangolitsogoza, kutembenuzako n'kokakamiza. "Never he returned" ndi cholakwika paliponse. Mawu ena a banja lomweli ndi "seldom", "rarely", "hardly", "scarcely", "no sooner", "not only" ndi "little". Gwirani awiriawiri awa chifukwa amakonda kubwera pa mayeso a galamala: "hardly" amayenda ndi "when", "no sooner" amayenda ndi "than".

Phindu la mlembi apa ndi kulemera. Liwu loyamba kugunda khutu ndi "Never", ndipo mukumva kudandaula kwa gogoyo musanadziwe n'komwe kuti nkhani ndi ya mvula.

Kwachitatu ndi kuchotsa "if". "Had I known, I would have stayed" ndi "If I had known, I would have stayed." "Were she here" ndi "If she were here". Izi zimagwira ndi "had", "were" ndi "should" basi. Chodabwitsa n'chakuti cha "should" chinakhazikika m'makalata a ntchito: "Should you need more information, please call our office" ndi chiganizo chabwinobwino cha mu ofesi. Malire a Chingerezi cha m'buku ndi cha m'kalata si mpanda wa njerwa.

Zotsala ndi zing'onozing'ono. Pambuyo pa mawu oyankhulidwa mlembi akhoza kulemba "said the teacher" kapena "the teacher said", zonse zili bwino, koma "said he" ndi zachikale. Alakatuli amaika mfotokozi pambuyo pa dzina, "a river wide and brown" m'malo mwa "a wide, brown river", kapena kutsogoza pamtherankhani, "Him I never trusted." Mankhwala ake ndi omwewo: mneni, mwininkhani, n'kuwongola.

4. Bwezerani mneni amene wachotsedwa

"And now this." Mulibe mneni. Kuti mumvetse, muikeni nokha: "And now this had happened." Mukatero muona kuti chiganizo chathunthucho n'chozizira, pomwe chodukacho chikumveka ngati munthu amene wausa moyo n'kulephera kumaliza mawu.

M'chiganizo choyamba cha kandime kathu mulinso zidutswa ziwiri zopanda mneni: "a basket on her head" ndi "her feet white with dust". Izi sizinaime pazokha, zapachikidwa pa chiganizo chachikulu ndi mpatuliro, ndipo chilichonse chili ndi dzina lakelake. Wolemba lipoti angati "She had a basket on her head and her feet were white with dust." Wolemba nthano amachotsa "had" ndi "were" kuti zithunzi zitsatane msanga gogoyo akadali m'njira. Kapangidwe kameneka ndi kovomerezeka ndi galamala ya kusukulu yomwe, kungoti pakamwa sikamveka kawirikawiri.

Musaganize kuti kudula ziganizo ndi kwa alembi okha. Pa WhatsApp timalemba "Coming now" kapena "Seen your message". Mutu wa nkhani m'nyuzipepala umati "Minister to open new bridge", wopanda "the", wopanda "is". Maminitsi ena amangoti "Agreed to meet Friday." Onsewa akudula pofuna kusunga malo ndi nthawi. Mlembi wa nthano amadula pofuna kuti mumve kanthu. Mukapeza chiganizo choduka, funsani kuti chadulidwira chiti mwa ziwirizi.

5. Yang'anani nthawi ya mneni, n'kufunsa kuti akuyankhula ndani

Nthano zambiri za Chingerezi zimakambidwa m'nthawi yakale: "came", "sat", "looked". Mlembi akafuna kubwerera m'mbuyo kupitirira pamenepo amatenga "had". Ndiye mukaona "had" akuchulukana mwadzidzidzi, dziwani kuti mwalowa m'zokumbukira. Alembi ambiri amamugwiritsa ntchito m'ziganizo ziwiri kapena zitatu zoyamba zokha, kenako n'kubwerera ku nthawi yakale wamba ngakhale akadali m'zokumbukirazo, poopa kutopetsa khutu. Ophunzira ambiri amasokera pomwepa, n'kusakaniza zimene zinachitika kale ndi zimene zikuchitika m'nkhani. Lembani kachizindikiro m'mphepete mwa tsamba pamene "had" wayambira, ndipo fufuzani liwu ngati "now" kapena ndime yatsopano pamene nkhani yabwerera.

Tsopano ziganizo ziwiri zomaliza, zomwe ndi zokoma kuposa zonse. "She would sell the goat tomorrow. What else was there to sell?" Kusukulu tinaphunzira njira ziwiri zoperekera mawu a munthu. Yoyamba ndi kuwaika m'mitengero monga anawayankhulira mwini wake: "I will sell the goat tomorrow," she thought. Yachiwiri ndi kuwanena ife: "She decided that she would sell the goat the next day and wondered what else there was to sell." Pa njira yachiwiriyi tinauzidwa kuti "tomorrow" asanduke "the next day", ndipo funso lisiye kukhala funso.

Kandime kathu katenga theka uku theka uku. Mlowam'malo ndi "she", mneni ndi "would" ndi "was", monga pa njira yachiwiri. Koma "tomorrow" watsala, funso latsala ndi mfunsiro wake, ndipo palibe "she thought that". Imeneyi ndi njira yachitatu, yomwe alembi a nthano za Chingerezi akhala akuigwiritsa ntchito kwambiri kuyambira zaka za m'ma 1800. Wokamba nkhani walowa m'mutu mwa mpangankhani osagogoda. Nafenso timatero pocheza: "Basi mbuzi ija agulitsa mawa, nanga akanatani?" Amene akufunsa kuti "nanga akanatani" si ife kwenikweni, tangobwereka mtima wa mwini wake.

Poizindikira yang'anani zinthu izi m'ndime yomwe ilibe mitengero: "now", "tomorrow", "here" kapena "this" ali limodzi ndi mneni wa nthawi yakale, mafunso ndi mifuwu, mawu oweruza monga "surely", "of course", "that fool". Kufunika kwake n'kwakukulu. Mukawerenga kuti "The boy was a thief, of course, like all his people", musathamangire kunena kuti mlembi ndi watsankho. Mwina ndi maganizo a mpangankhani amene mlembiyo akufuna kuti mumuone kuipa mtima kwake. Mu lipoti kapena m'nkhani ya m'nyuzipepala njira imeneyi ndi yoopsa, chifukwa wowerenga ayenera kudziwa bwinobwino kuti mawu awa ndi a yani.

Kanthu kena ka nthawi: poyankha mafunso a zolembedwa, zochitika za m'buku zimanenedwa m'nthawi yatsopano. Mulemba "The old woman decides to sell her goat", ngakhale buku linati "decided".

6. Chikakhala Chingerezi chakale, sinthani alowam'malo ndi mathero a aneni

William Shakespeare anabadwa mu 1564 n'kumwalira mu 1616, ndipo Baibulo la King James linatuluka mu 1611. Zambiri zimene timaziona ngati ukatswiri m'mabuku amenewa zinali galamala wamba ya nthawiyo.

Yambani ndi "thou". Ameneyu ndi "iwe", ndipo "you" ndi "inu": wa anthu ambiri, komanso wa ulemu kwa munthu mmodzi. "Thou" ndi mwininkhani, "thee" ndi pamtherankhani, "thy" ndi "thine" ndi "-ako". M'masewero a Shakespeare bambo akhoza kuuza mwana wake "thou", mwanayo n'kuyankha "you". Okondana amatchulana "thou", ndipo munthu wofuna kunyoza mnzake wa msinkhu wake amathanso kumugwetsera ku "thou". Mngerezi wa lero amafunika kumufotokozera zimenezi, koma inu mukudziwa mmene pabwalo pamazizirira mkamwini akauza apongozi ake kuti "iwe". Muziwerenga ndi khutu limenelo, ndipo muziika chizindikiro pamene mtengambali wasintha kuchoka pa "you" kupita pa "thou" kwa munthu yemweyo. Sikuti paliponse pali chifukwa, koma kawirikawiri pamakhala patatentha kapena patafewa.

M'Baibulo la King James nkhani ndi ina. Omasulira anatsata Chihebri ndi Chigiriki: "thou" ndi "thee" ndi munthu mmodzi, "ye" ndi "you" ndi ambiri, ulemu sukulowapo. Poti "thou" anatha pakamwa pa anthu ambiri n'kutsalira m'mapemphero ndi m'nyimbo za kutchalitchi, lero amamveka ngati liwu lolemekeza kwambiri, zomwe ndi zosemphana ndi mmene ankamvekera pamsewu wa ku London nthawi imeneyo.

Aneni ndi osavuta. Wa "thou" amathera ndi "-est" kapena "-st": "thou goest", "thou hast", "thou dost", koma "art", "wilt" ndi "shalt" amathera ndi "-t" yekha. Wa "he" ndi "she" amathera ndi "-eth" kapena "-th": "goeth", "hath", "doth". Chotsani matherowo, mneni wa lero aonekera. Mafunso ndi kukana zinkatheka popanda "do": "Know you the way?" ndi "Do you know the way?", ndipo "I know not" ndi "I do not know." Kukana kawiri ndi kukuza mfotokozi kawiri sizinali zolakwika, m'sewero la Shakespeare la Julius Caesar muli "most unkindest", zomwe mwana wa Fomu 1 angapatsidwe nazo mtanda lero.

M'ndakatulo mupezanso mawu ofupikitsidwa ndi nkhodolero: "o'er", "ne'er", "e'en", "'tis". Chifukwa chake ndi kuwerengera. Mzere wodziwika kwambiri wa ndakatulo za Chingerezi umakhala ndi maphatikizo khumi, lofooka ndi lamphamvu mosinthana, ndiye mlakatuli akachulukidwa phatikizo limodzi amafinya "over" kukhala "o'er". Nthawi zambiri ndi kuwerengera komweku, kapena kufuna kuti mizere ithere mofanana, kumene kumamuchititsa kutembenuza mawu. Si kutembenuza kulikonse kumene kuli ndi tanthauzo lakuya, ndipo si bwino kulifinya pamene palibe.

7. Siyanitsani lamulo lenileni ndi nkhani ya kavalidwe

Malamulo ena amene tinakwapulidwa nawo si a galamala, ndi a kakomedwe ka anthu ena a nthawi ina. Mu 1672 mlakatuli John Dryden anadzudzula zolemba za mlembi wa masewero Ben Jonson chifukwa chomaliza chiganizo ndi mperekezi. Mu 1762 Robert Lowth, m'buku lake la galamala lomwe linafala kwambiri, anavomereza kuti kuika mperekezi kumapeto ndi chizolowezi cha Chingerezi ndipo kumayenera m'zolemba zomasuka, koma anati kumutsogoza kumakhala bwino m'zolemba zolemekezeka. Iye sanaletse. Analetsa ndi aphunzitsi a pambuyo pake. Choncho "the man to whom I spoke" ndi "the man I spoke to" zonse ndi zolondola, choyamba n'cha pamwambo, chachiwiri n'cha paliponse. Mukapeza "whom" ndi "upon which" zitachuluka pakamwa pa mpangankhani, mlembi akukuuzani kanthu za munthuyo: ndi wophunzira, ndi wachikale, kapena ndi wodzimva.

Kuyamba ndi "And" nakonso si tchimo. Tsegulani Genesis 1 m'Baibulo la King James muone kuchuluka kwa mavesi oyamba ndi liwu limeneli. Alembi amathanso kumubwereza dala, "He rose and took his hoe and went out and did not look back", monga mmene ife timalumikizira kuti anadzuka n'kutenga khasu n'kutuluka. Ena amachotseratu alumikizi onse n'kusiya mipatuliro yokha: "He rose, he took his hoe, he went out." Mu chimangirizo cha mtsutso kapena m'kalata, kulumikiza ziganizo zathunthu ndi mpatuliro wokha kumawerengedwa ngati kulakwitsa, ndipo pamenepo ndikugwirizana nawo ochonga.

Mawu ofupikitsidwa monga "don't" ndi "I'll" ndi a pakamwa, a uthenga wa pa foni, ndi a anthu oyankhula m'nthano. M'kalata yantchito alembeni athunthu.

8. Yesani ngati ndi dala kapena ndi kuphonya

Si chokhota chilichonse chimene chili luso. Mayeso ake ndi mafunso awiri. Kodi chikuwongoka popanda kusintha tanthauzo? Nanga chikawongoka, pali chimene chatayika? "Never had the rains been so late" chikupambana onse awiri. Koma taonani ichi: "Walking to the market, the rain started." Mukafunsa kuti akuyenda ndani, galamala ikuyankha kuti mvula, chifukwa chidutswa cha "-ing" chotsogola chimakakamira dzina loyamba kubwera pambuyo pake. Chimenechi n'chophonya, kaya chili m'nthano kaya mu lipoti. Chikonzeni: "As she was walking to the market, the rain started."

Kusagwirizana kwa mwininkhani ndi mneni, monga "The women goes", sikusanduka luso chifukwa chakuti kwasindikizidwa. Malo amodzi okha amene kumaloledwa ndi m'kamwa mwa mpangankhani. Munthu wa m'nthano akati "I ain't got nothing" kapena "Me, I am not knowing", galamalayo ndi yake, ndipo mlembi waisankha kuti mumve kumene munthuyo akuchokera, sukulu imene anafika, ndi amene akuyankhula naye. Yerekezani ndi ziganizo za wokamba nkhani zomwe zazungulira mawuwo. Zikakhala zowongoka, mwadziwa kuti kuthyokako n'kwadala.

9. Polemba zanu, yambani ndi chowongoka

Lembani kaye chilichonse m'dongosolo wamba, ngakhale ikhale nthano. Ikakhala kalata, lipoti, imelo ya kuntchito kapena yankho la mayeso, siyirani pomwepo. "Never have I desired a position so greatly" sichingakupezetseni ntchito. "I am applying for the post of accounts clerk advertised on 3 March" n'chimene wolemba anthu ntchito akufuna, chifukwa pa tebulo pake pali makalata ena mulu.

Ikakhala nthano, werengani mokweza zimene mwalembazo, ndipo pezani malo amodzi kapena awiri pa tsamba pamene mukufuna kuti wowerenga aime: pamene munthu watsopano akutulukira, pamene nkhani yoipa yafika, pamene wina wagamula chochita. Pamenepo pokha ndi pamene mutembenuze, mudule kapena mulowe m'mutu mwa mpangankhani. Ziganizo zotembenuzidwa zikatsatana zitatu, wowerenga amasiya kuona gogo ndi mbuzi yake n'kuyamba kuona inu mukudzionetsa. Pa chimangirizo cha nthano cha mayeso a MSCE chepetsaninso kuposa apo, makamaka ziganizo zopanda mneni, chifukwa wochonga ali ndi mapepala ambiri ndipo sangadziwe ngati mwadula dala kapena simudziwa. Ziikeni m'mitengero, m'kamwa mwa anthu anu, pamene palibe angakutsutseni.

Poyeserera, tengani ndime imodzi ya m'buku limene mukuwerenga, muilembe yonse ngati lipoti la kupolisi: wochita patsogolo, mneni aliyense abwerere, maganizo alionse akhale ndi "she thought that" wake. Kenako tengani nkhani yaifupi ya m'nyuzipepala muichite zosemphana, koma musinthe ziganizo ziwiri zokha. Zolemba zonse ziwiri mupatse mnzanu awerenge mokweza, inu mukumvetsera pamene akupunthwa.